Phwando la ana ku Mangochi: zipatso zikamatsala m'mbale, vuto limakhala pati?

Phwando la ana likatha, zotsala zake zimafanana pafupifupi nyumba iliyonse. Mabotolo a zakumwa alibe ndi dontho lomwe, mapepala a maswiti ali mbwee pabwalo, koma beseni la mapapaya ndi nthochi limene mayi anadzukira m'mamawa kusenda lidakali chodzaza, lada, ntchentche zili piringupiringu. Zimachitika pa tsiku lobadwa, potsekera sukulu ya mkaka, pa Khirisimasi, pa Idi. Kenako akuluakulu amagwirizana kuti ana a masiku ano sakonda zipatso.

Zimenezo si zoona, ndipo aliyense wa kuno akudziwa. Ana omwewa ndi amene amaswera pansi pa mitengo ya mango mu Novembala, miyala ili m'manja. Ndi omwewa amapsipsa malambe njira yonse yopita kusukulu mpaka lilime kuchita zilonda. Mwana amene dzulo anakwapulidwa chifukwa chothyola magwafa a eni sangadane ndi zipatso lero. Chimene chalakwika ndi nthawi imene mwatulutsira chakudyacho, mmene mwachiperekera, ndi zimene mwaziika pambali pake. Zonsezi zimakonzeka, ndipo zambiri sizifuna ndalama yowonjezera.

Ana sakuyandikira n'komwe pamene pali zipatso

Yambani mwadzifunsa kuti mwana aliyense anali atagwira chiyani m'manja pamene zipatso zimatuluka. Kawirikawiri amakhala atalandira kale botolo la chakumwa ndi paketi ya kamba pofika penipeni. Gasi wadzaza m'mimba, lilime lazolowera kutsekemera kwamphamvu, ndiye papaya likabwera pambuyo pake limangomveka zii. Yesani nokha kumwa chakumwa cha shuga kenako kuluma chivwende, mumva.

Ndiye sinthani ndondomeko. Zogula ku golosale, ngati mwagula, zikhale m'nyumba, chitseko chotseka, mpaka nthawi yodula keke. Ana akafika asiyeni asewere kaye: phada, fulaye, jingo, mpira, zilizonse zowatulutsa thukuta. Kutentha kwa kuno kukuthandizani. Pakatha theka la ola kapena kupitirira pang'ono, ali wefuwefu, kukhosi kwauma, apo ndi pamene chivwende chozizira chimatha m'kanthawi kochepa. Musalengeze kuti mwachita dala. Ingotulutsani.

Chachiwiri ndi chimene ambiri sachiganizira. Mwana woleredwa bwino kwathu kuno satenga yekha chakudya pakhomo pa eni. Anauzidwa pochoka kwawo kuti asakachititse manyazi, asakaoneke ngati kwawo sadya. Mukaika thireyi ya zipatso patebulo n'kunena kuti "aliyense azitenga", ana ambiri amangoyang'anizana, kudikira woyamba. Pamene paketi ya kamba ija munawapatsa m'manja mmodzimmodzi. Choncho china chinaperekedwa, china chinangoikidwa, ndiye mukudabwa kuti choperekedwa ndicho chadyedwa? Afoletseni, asambitseni m'manja ndi sopo mowathirira madzi a m'jagi, osati onse m'beseni limodzi, ndipo aliyense alandire gawo lake m'manja. Mukafuna kuti zifulumire, pezani mwana wamkulupo amene anzake amamutsata, nthawi zambiri ndi amene amasankha matimu pa mpira, ameneyo ndiye agawe ndi kuyamba kudya.

Chachitatu ndi maonekedwe, ndipo apa mpofunika kukhalitsapo. Phwando kwa mwana ndi tsiku la zinthu zimene sazipeza masiku onse. Mu Disembala mango amakhala akuwolera pansi ku Mpondasi, ku Malindi, ku Nkope, kulikonse. Mukampatsa bango lathunthu mwana amene wadya asanu m'mawa womwewo, mwamupatsa za kwawo. Pali njira ziwiri. Ina ndi kugula chipatso chimene sichimera pakhomo pawo: chinanazi cha ku Mulanje, manachesi a ku Mwanza ndi Neno m'miyezi yozizira, maapozi ngati thumba likulola. Ina, yotsika mtengo, ndi kusintha chipatso cha masiku onse kuti chisaoneke cha masiku onse.

Mango aakulu, monga a boloma, dulani mbali zonse ziwiri motsata nthangala. Chibenthu chilichonse chilembeni ndi mpeni mizere yopingasa ndi yotsika osaboola khungu, kenako kankhani khungu kuchokera kunsi kuti timabokosi tija tituluke. Ndi bango lomwe lija, koma ana amalimbirana. Ang'onoang'ono aulusi aja musavutike nawo kudula, asungireni zakumwa.

Chimene sichilephera ndi kutunga zipatso pa kamtengo ngati kanyenya. Sengani timitengo ta nsungwi, tisalazeni, ndipo nsonga muidule mukamaliza kutunga, poti ana amathamanga ndi zinthu m'kamwa. Pa kamtengo kamodzi ikani tizidutswa tinayi kapena tisanu tosiyana mitundu: chofiira cha chivwende, chachikasu cha chinanazi, papaya, nkhaka yobiriwira. Nkhaka imene paokha sakanaikhudza imadyedwa chifukwa ili pakati pa anzake. Zidutswa zikhale zoti zilowe m'kamwa kamodzi. Chipatso chimene chimafuna kusenda, kulavula njere, kapena chotsitsa madzi mpaka m'chigongono, mwana amene wavala diresi latsopano amachipewa, poopa zimene akamve kunyumba.

Ana amakondanso kusunsa. Sakanizani masupuni awiri a chiponde ndi kapu ya chambiko kapena yogati, mufinyiremo nthochi imodzi yakupsa kwambiri. Shuga safunikamo. Mwana aliyense akhale ndi kakapu kake, chifukwa m'mbale imodzi amaluma n'kusunsanso. Karoti wodula motalika, nkhaka ndi mbatata yootcha zimayenda bwino ndi zimenezi.

Pakhalabe mwana mmodzi kapena awiri amene akana zonse. Asiyeni. Mwana wina amafuna kuona chakudya chachilendo kambirimbiri asanalawe, ndipo phwando la maola atatu si malo omuphunzitsira.

Zipatso zada, zachita madzi, kapena zawawa

Ili ndi vuto la Mangochi lenileni. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 35 masiku ambiri kuno kunyanja, ndipo chipatso chodula sichipirira. Anzathu a kumtunda ku Namwera ali ndi mwayi pang'ono, koma nawonso asatayirire.

Kuda kumabwera chifukwa mnofu wa chipatso ukakumana ndi mpweya umasintha mtundu. Nthochi, maapozi ndi mapeyala ndiye zimafulumira. Chivwende, chinanazi, mango ndi manachesi sizida motero, choncho zimenezi mukhoza kuduliratu, pamene nthochi muzidula ana atafola kale. Ngati simungachitire mwina, finyirani ndimu imodzi m'kapu ya madzi owiritsa ozizira, muviike zidutswazo pang'ono n'kuvuula. Kuwawasa kwa ndimu kumachedwetsa kuda. Mpeni ukhale wakuthwa ndi wopanda dzimbiri. Wobuntha umafinya chipatso m'malo modula, ndiye madzi amayamba kutuluka nthawi yomweyo.

Madzi odzaza pansi pa beseni nthawi zambiri amachokera ku shuga kapena mchere umene mwawaza kuti zikome. Zonse ziwiri zimakoka madzi m'chipatso. Musawaze. Musasakanizenso mitundu yonse m'beseni limodzi kudakali m'mawa: chivwende chimanyowetsa anzake, papaya limaphwanyika, pomafika masana chimakhala chiphalaphala chosadziwika mtundu. Mtundu uliwonse ukhale m'chotengera chake chovundikira, muziphatikiza potulutsa.

Pali dandaulo lina limene limazunguza anthu: "Ndinasakaniza zipatso ndi yogati, zinali bwinobwino, koma pofika nthawi yodya zimawawa." Funsani ngati munali chinanazi kapena papaya losapsetsa. Zipatso ziwirizi zili ndi mphamvu yophwanya zomanga thupi za mumkaka, ndipo zikakhalitsa pamodzi mkakawo umasungunuka n'kuyamba kuwawa. Mphamvu yomweyo ndi imene imafewetsa nyama yolimba mukaikulunga m'masamba a papaya. Kotero yogati azikhala payekha mpaka nthawi yodya. Chinanazi chosaphika chimalepheretsanso jele kugwirana, ngati munaganiza zopanga jele.

Tsopano nkhani ya nthawi. Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati chakudya chophika chisakhale kunja kopanda kuzizira kupitirira maola awiri, ndipo zipatso zodula ndi za mkaka muzizitenga chimodzimodzi. Dzuwa likakhala la Okutobala, chepetsani kufika ola limodzi. Tanthauzo lake n'lakuti musatulutse zonse nthawi imodzi. Tulutsani thireyi yaing'ono, ikatha mubweretse ina. Izi zili ndi phindu linanso: mbale imene ikuoneka kuti ikutha imakopa ana kuposa beseni losefukira.

Ngati mulibe filiji, kapena magetsi azima monga amachitira, musadule. Chivwende ndi chinanazi zathunthu zimizeni m'ndowa ya madzi pamthunzi kuyambira usiku, kapena zikulungeni m'chiguduli chonyowa pamalo popita mphepo. Madzi akamauma pa chigudulicho amachotsa kutentha, monga amachitira mtsuko wadothi. Sizizizira kwambiri koma kusiyana kumamveka. Ena amagula ayisi kwa ogulitsa amene amaperekera a geni ya nsomba. Ayisi ameneyo ndi wabwino kuzizitsira mabotolo ndi zotengera zotseka bwino, koma asalowe m'chakumwa, asakhudzenso chipatso chodula, popeza simudziwa madzi amene anaumitsa. Boma lino linavutika kwambiri ndi kolera ya mu 2022 ndi 2023, ndipo palibe amene akufuna kuti ana makumi awiri adwalire pakhomo pake. Zipatso zitsukeni musanasende, ndi madzi owiritsa kapena othira kolorini, ngakhale chivwende chimene khungu lake silidyedwa, chifukwa mpeni umatenga zakunja n'kulowetsa mkati. Thabwa lodulirapo nsomba kapena nkhuku yaiwisi lisagwire ntchito ya zipatso tsiku limenelo.

Ntchentche zimangofuna chovundikira. Nsalu yoyera yopepuka kapena lichero lovundikira pamwamba zimakwanira, ndipo makoko muziwataya kutali ndi pamene ana akudyera.

Akufuna botolo, osati kapu

Pa zonse za pa phwando, shuga wambiri amalowera m'zakumwa. Botolo la mamililita 300 la chakumwa cha kola limakhala ndi shuga wopitirira magalamu 30, amene ndi pafupifupi masupuni aang'ono 8. Malangizo a WHO a mu 2015 amati shuga wothira asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu imene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku, ndipo kutsika kufika magawo 5 n'kwabwino koposa, zomwe kwa munthu wamkulu ndi masupuni aang'ono 6 okha. Mwana wa zaka zisanu akamwa mabotolo awiri, kuwonjezera keke ndi maswiti, werengani nokha.

Koma mukawapatsa juwisi wopanga nokha m'kapu za pulasitiki za masiku onse, amalawa n'kusiya pansi, nyerere n'kulowamo. Chimene mwana amasirira pa chakumwa chogula ndi zitatu: n'chozizira, chili ndi mtundu wowala, ndipo ndi botolo lakelake loti ayende nalo. Mupatseni zitatuzo. Sonkhanitsani timabotolo ta madzi akumwa, titsukeni ndi sopo ndi madzi otentha, tiume, muthiremo chakumwa chanu, mulembe dzina la mwana aliyense pakapepala n'kumata. Dzinalo limagwira ntchito kuposa mmene mungaganizire, ndipo limathetsa kumwerana.

Chothiramo chisakusowetseni mtendere m'boma limene milambe ili ponseponse m'mbali mwa msewu wochokera ku Liwonde mpaka ku Monkey Bay. Malambe amasungika miyezi yambiri ndipo ali ndi vitamini C wochuluka. Viikani makapu awiri a malambe m'malita awiri a madzi owiritsa amene azizira mpaka kufunda, mudikire pafupifupi ola limodzi, mutikite ndi manja oyera mpaka njere zitayera, musefe. Vuto lake n'lodziwika: amawawasa, ndiye anthu amakhuthuliramo shuga mpaka kuposa chakumwa chogula chija. M'malo mwake sakanizani ndi madzi a mango ang'onoang'ono aja, ofinya ndi kusefa, kapena nthochi zakupsa zopota bwino. Lawani kaye, kenako muwonjezere shuga pang'onopang'ono ndi supuni, osati ndi kapu. Dziwaninso kuti chakumwa chikazizira kwambiri kutsekemera kwake kumamveka kochepa, choncho musachiumitse mpaka mano kuwawa. Bwemba mumachita naye chimodzimodzi. Ngati mukufuna chofiira chowala, wiritsani chidede, musefe, muziziritse. Mtundu wake umaposa wa m'botolo, popanda kuthira utoto wa chakudya.

Tisanamizane: juwisi wa zipatso naye ali ndi shuga, ndipo uchi ndi shuga basi. Botolo limodzi laling'ono pa mwana likwanira, pambuyo pake akhale madzi ozizira. Ana othamanga pa dzuwa la kuno amamwa madzi bwinobwino ngati ali pafupi ndipo palibe china. Thobwa ndi labwino, limakhutitsanso, bola likhale la tsiku lomwelo kapena ladzulo, lisanayambe kusasa.

Mafilizesi ndiye mfumu ya zonse. Mwana wa ku Mangochi sangakane filizesi mu Okutobala, kaya muli chiyani. Opanga nokha amavuta pawiri. Amatha kuuma gwa, osalumika, mwana n'kungoyamwa mtundu wonse kutsala ayisi woyera. Izi zimachitika madzi akachuluka. Wonjezerani mnofu wa mango, nthochi kapena yogati kuti chikhale chaphalaphala, chikauma chimalumika. Amathanso kusauma konse chifukwa munaika m'mawa wa tsiku la phwando, kapena munapanikiza ambiri malo amodzi, kapena magetsi anazima usiku. Pangani kudakali masiku awiri, muwayale mosapanikiza, ndipo magetsi akazima musamatsegule filiji kuti muone ngati ali bwino.

Zokhutitsa: pamene mandasi ndi zigege zimapambana

Zipatso zokha sizikwanira. Ana amva njala, ndipo fungo la mafuta limakopa. Sindikunena kuti mandasi ndi poizoni, koma phwando limene zonse ndi zokazinga, mandasi, zigege, tchipisi, samusa, limatha ndi ana ogwira m'mimba ndi mayi amene wathera malita asanu a mafuta.

Mbatata yofiira mkati ndi imene ndingayambe nayo. Mitundu monga Kaphulira, Kadyaubwerere, Chipika ndi Zondeni ili ndi zimene thupi limasandutsa vitamini A, ndipo mtundu wake wokha umakopa maso. Ikaphikidwa yathunthu m'madzi n'kuikidwa m'mbale, imeneyo ndi kadzutsa wa tsiku lililonse, palibe mwana adzaitenga. Iduleni motalika ngati zala, muipake mafuta supuni imodzi kapena awiri ndi kamchere, muiotche pa chiwaya kapena mu uvuni mpaka m'mbali mwake mutapsa mofiirira. Mafuta pang'onowo amathandizanso thupi kutenga vitaminiyo. Ikatuluka yosatsekemera, mwina ndi yokumba kumene. Mbatata imakoma ikagona masiku angapo pamthunzi, ndipo moto wapang'onopang'ono umaitsekemeretsa kuposa moto waukali umene umapsereza kunja mkati muli mwauwisi. Perekani m'kapepala kopinda ngati fanulo, mmene ogulitsa tchipisi amachitira.

Chigumu chili ndi mbiri yoti ndi cha anthu osauka, koma vuto lake ndi kukula ndi kulimba basi. Chibenthu chachikulu chouma chimatsamwitsa. Yesani muyeso uwu: makapu awiri a ufa wa mgaiwa, nthochi zinayi zakupsa mpaka khungu kuda, mazira awiri, kapu imodzi ya chambiko, masupuni aakulu atatu a mafuta, supuni yaing'ono imodzi ya soda ndi kamchere. Ngati muli ndi fulawa, sinthanitsani theka la kapu ya mgaiwa ndi fulawa kuti chipepuke. Phikirani m'tizitini ting'onoting'ono totsuka bwino kapena m'timapepala ta makeke, kuti mwana aliyense alandire kake kathunthu. Chikamveka soda m'kamwa ndiye kuti munachulutsa, kapena munagwiritsa madzi m'malo mwa chambiko. Soda amafuna chowawasa kuti agwire ntchito, akachisowa amatsala ndi kakomedwe ka sopo. Chikapsa kunsi mkati muli phala, makala achuluka pansi. Pophikira pa mbaula, makala ambiri azikhala pa chivundikiro, pansi pakhale ochepa, ndipo mchenga wouma pansi pa poto wamkulu umateteza tizitini kuti tisapserere. Mchenga suli wosowa kuno.

Mbuliwuli ndi zotsika mtengo, ndi chimanga chathunthu, ndipo ana amazitenga ngati za phwando kale. Zimalakwika zikafewa. Chifukwa chake n'chakuti munazitsekera m'jumbo zikadali zotentha, nthunzi n'kubwerera momwemo, kapena munapanga dzulo m'nyengo ya mvula. Ziyaleni pa lichero zizizire kaye. Mchere ukamagwera pansi osamatirira, usinjeni mumtondo ukhale ufa.

Mazira owiritsa, odula pakati, kaphwetekere pamwamba, amatha msanga. Chimanga chachiwisi m'nyengo yake, chodula tizidutswa tifupitifupi, chimodzimodzi. Nanga nsomba, poti tili kunyanja? Chambo n'chodula ndipo minga yake imafuna munthu wamkulu pambali. Kampango kapena mlamba ali ndi mnofu wambiri ndi minga yosavuta kuchotsa: wiritsani, sankhani minga ndi zala mosamala, sakanizani ndi mbatata yopota, anyezi ndi dzira, umbani timipira, mukazinge m'mafuta ochepa. Tikamaphwanyika m'chiwaya ndiye kuti mbatata inali ndi madzi ambiri, onjezerani ufa pang'ono. Usipa wouma wokazinga kuti khrupu ana okulirapo amautola ngati mtedza, koma utsukeni kawiri m'madzi ofunda, chifukwa mchenga umodzi pa dzino ndiye kuti mbale yonse yakanidwa.

Akuluakulu

Nthawi zambiri amene amagwetsa dongosolo lonse si ana. Ndi azakhali amene afika ndi jumbo ya maswiti n'kuyamba kugawa pachipata. Ndi abambo amene akhala pakhonde ndi anzawo, kireti ya zakumwa ili pakati, ana akuona. Ndi mawu oti, "Alamu, ndiye phwando lake la mbatata limeneli? Zavuta kodi?" Ndipo kunena zoona, ambiri timagula zam'mapaketi osati chifukwa ana apempha, koma kuopa kuti anthu akanena kuti tinalibe ndalama.

Alankhuleni kusanafike tsikulo. Kwa azakhali mungati, "Azakhali, maswiti aja mukabweretsa mundipatsire ine, tidzawaike m'timajumbo ta popita, kuti aliyense apeze." Simunawakanize, mwangosintha nthawi. Anganga apatseni ntchito imene amaidziwa kuposa aliyense, monga thobwa kapena chigumu, ndipo muwatchule pamaso pa alendo kuti ndi iwo apanga. Akuluakulu amwe zomwe ana akumwa, kapena zawozo amwere kuseri. Za mawu a alamu aja, thireyi yokonzedwa bwino imayankha yokha. Chinanazi chodula pakati, mnofu wake atauchotsa n'kudzazamo zipatso zamitundumitundu, palibe amachiona ngati umphawi.

Keke ikhalepo. Ine sindigwirizana ndi oti phwando la mwana lisakhale ndi keke, chifukwa mwanayo adzakumbukira zimenezo kuposa mavitamini onse. Keke imodzi, kachidutswa kakang'ono aliyense, kumapeto, ana atakhuta kale zina. Chimene muyenera kupewa ndi malonda aja oti "amene samaliza papaya salandira keke". Mukatero mwamuuza mwana kuti papaya ndi chilango, keke ndi malipiro. Musawauzenso kuti izi n'zopatsa thanzi. Za magulu asanu ndi limodzi a zakudya amaziphunzira kusukulu ndipo amayi amazimva ku sikelo. Pa phwando mwana amangofuna kumva kuti "bwera udzalandire chako".

Ana aang'ono ndi ana a eni

Pa maphwando athu mwana woitanidwa amabwera ndi mng'ono wake kumsana, ndiye konzekerani a zaka ziwiri ndi zitatu ngakhale simunawaitane. Kwa osakwana zaka zisanu, mtedza wathunthu, mbuliwuli, karoti waiwisi wolimba, masau, njere za malambe ndi maswiti olimba zimatsamwitsa, ndipo mwana wotsamwa salira kuti mumve. Amenewa akhale pamphasa pawokha, munthu wamkulu ali pomwepo, adye nthochi, papaya, mapeyala ndi mbatata yofewa m'timbale, popanda timitengo. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi.

Funsani makolo ngati pali mwana amene mtedza, mazira, mkaka kapena nsomba zimamuwenga. Ngati alipo wa mtedza, chiponde chija chichotseni pa phwando lonse, ana amagawana zinthu inu musakuona. Mtedza wosinja nokha usankheni bwino, wonyala, wakuda ndi wachuku mutaye. Chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene satha ndi kukazinga.

Kuno ana achisilamu ndi achikhristu amasewera pamodzi ndipo amaitanirana. Nyama ikhale yochinjidwa mwa halaal, masoseji osadziwika bwino asiyeni, ndipo jele ndi maswiti ena ofewa amapangidwa ndi jelatini amene nthawi zina amachokera ku nkhumba, choncho werengani pa paketi. Apa zipatso, malambe, mbatata, mazira ndi nsomba zili ndi ubwino wina: kholo lililonse limalola mwana wake kudya popanda kufunsa. Tsikulo likagwera m'mwezi wa Ramadani, kumbukirani kuti ana okulirapo ena amakhala akumanga, kutanthauza kusala kudya masana, ndiye kambiranani ndi makolo awo za nthawi.

Kajumbo ka popita, ndi zotsala

Mwana akafika kwawo amafunsidwa kuti watitengera chiyani, choncho kajumbo ndi kofunika. Muikemo zosaonongeka panjira: nachesi kapena nthochi yosasenda, kachigumu, mbuliwuli zozizira, ndi switi imodzi kapena ziwiri za azakhali zija. Pensulo kapena baluni imakondweretsa kuposa switi yachitatu. Zodula ndi za mkaka musaikemo, ena akayenda wapansi dzuwa lili pamutu.

Nthochi zosasenda zimene zatsala ndi zitumbuwa za mawa. Mango athunthu afinyeni muumitse mufiliji. Koma zipatso zodula zimene zakhala panja masana onse, yogati wosunsamo ndi timipira ta nsomba totsala, zimenezo musasungire ana anu kuti adye madzulo, ngakhale zikuoneka bwino ndipo mtima ukuwawa ndi ndalama yake. Tayani.